Ku Mangochi ndi Mwana Kumsana

Kwathu kuno munthu akanena kuti watenga tchuthi, anthu amamufunsa kuti apita liti kumudzi. Tchuthi ndi nthawi yokaona makolo, yokasiya feteleza, yokafolera nyumba mvula isanagwe, yokapepesa maliro amene anakudutsa uli pantchito. Choncho tsiku limene ine ndi bambo ake mwana tinanena kuti tikupita ku Mangochi kukagona kuhotelo ya m'mbali mwa nyanja, mayi anga anayamba ndi kufunsa kuti kumeneko kuli ndani. Tinati kulibe. Anafunsa ngati ndi za kuntchito. Tinati ayi.

"Ndiye mukukapereka ndalama kuti mukagone basi? Kwanu bedi lathyoka?"

Atatero anayang'ana mdzukulu wawo, amene anali atangokwanitsa zaka zitatu, n'kutichenjeza kuti tisakamusiye yekha ngakhale kamphindi, chifukwa madzi alibe pogwira.

Tinadikira kuti Tsiku la Anakubala lidutse kaye. Pa 15 Okutobala aliyense amene ali ndi galimoto, kapena amene wasonkha nawo ndalama ya basi, amathamangira ku Mangochi kapena ku Salima, ndipo gombe limadzaza ndi mapoto a mpunga, mabotolo ndi zimkuzamawu. Kwa achinyamata ndi tsiku lokoma, koma kwa munthu woyang'anira kamwana kolekeza m'ntchafu ndi tsiku lopweteketsa khosi. Ife tinanyamuka chikondwererocho chitatha, dzuwa likuswa mtengo, mango atangoyamba kupsa.

Galimoto tilibe, ndiye tinakakwera minibasi ku Limbe. Oitanira anatilanda zikwama tisananene n'komwe kumene tikupita. Mwana wapamiyendo salipira, koma chikwama chake kondakitala anachiyang'ana, anachinyamula, n'kugamula kuti chimenecho ndi munthu. Sindinamutsutse. Munali poti, fulasiki ya phala, neti yapadera poopa kuti ya kuhotelo ingakhale yobooka, mankhwala a chifuwa ndi a kutentha thupi, matewera a usiku, ndi chidole chopanda mkono chimene sagona popanda icho. Zovala za anthu akuluakulu awiri zinakwana m'kachikwama ka kumsana.

M'minibasi mwana sakhala wa mayi ake okha. Tisanafike pa Njuli, mayi amene anakhala pambali panga anali atatenga kale miyendo ya mwana wanga n'kuisanjika pantchafu zawo, osapempha, osanena kanthu, tinsapato tafumbi tili pachitenje chawo chatsopano. Pa Namadzi bambo wina wa kumpando wakumbuyo anagula nthochi pawindo, anathyola imodzi n'kunditambasulira: "Mpatseni mwanayo." Kwathu ku Chilomoni timamuphunzitsa kuti asamalandire kanthu kwa munthu wosamudziwa. Mwana anandiyang'ana, ine ndinayang'ana bambo ake, bambo ake anayang'ana panja. "Womba m'manja," ndinamunong'oneza, ndipo nthochi inadyedwa.

Titadutsa Zomba, Domasi ndi Malosa, msewu utayamba kukhotakhota m'mapiri a Machinga, mwana analengeza mokweza mawu amene kholo lililonse limawaopa paulendo: "Amayi, mkodzo!" Akanakhala munthu wamkulu akanauzidwa kuti apirire mpaka pa Liwonde. Koma dalaivala anapatuka pomwepo, a pamzere wa kuchitseko anatsika kuti tidutse, ndipo palibe amene anang'ung'udza. Amuna angapo, amene mwina anali atapirira kuyambira pa Thondwe, anapezerapo mwayi n'kubalalikira kutchire.

Ukatsika mapiriwo mphepo yolowa pawindo imasiya kuthandiza, imangobweretsa moto. Pa Liwonde tinawoloka Shire pamene pali Kamuzu Barrage, zitseko za madzi zimene zinamangidwa mu 1965 kuti zizilamulira madzi otuluka m'nyanja. Bambo ake, amene sapirira kuona chinthu osachifotokoza, anayamba kuuza mwana kuti madzi onsewa akuchokera kumene tikupita, ndipo ndi omwewa amene amakazunguza makina ku Nkula ndi ku Tedzani, kotero kuti babu la m'chipinda mwake limayaka ndi nyanja. Mwana anali kalikiliki kuwerenga mbuzi.

Kuchokera pa Mangochi Turn Off dziko limasanduka lina. Milambe ikuluikulu, migwalangwa, nthaka yotuwa mbuu, mizikiti yopakidwa laimu ndi utoto wobiriwira pafupifupi mudzi uliwonse, amuna a mikanjo ndi zisoti, amayi ophimba kumutu. Pa siteji iliyonse Chichewa chinkachepa m'minibasi, Chiyao chikuchuluka. Ndinaona kuti kuno wokwera amayamba wapereka moni kwa amene wawapeza. Ife a ku Blantyre timangokhala pansi n'kutulutsa foni.

Mangochi ndi tauni ya njinga. Akabaza anatizinga, ndipo m'modzi, ataona kuti ndikuzengereza, anandiphunzitsa kuti mwana ndimumange kumsana ndi chitenje, mfundo ikhale pachifuwa, kenako ndikhale chammbali. Tauniyi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, ndipo zotsala za nthawi imeneyo zaunjikana pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ya mu 1903, ndi mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya kwa nyanja. Bambo ake anakhalitsa pamfutipo. Ine maso anga anakakamira pa chikwangwani cha sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 kumpoto kwa nyanja, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Ndinawerenga chiwerengerocho mwana akundikoka tsitsi kumsana, ndikudziwa kuti pa zimene tinakonza paulendowu panalinso kumukweza boti.

Nkhomaliro tinadya m'kalesitilanti ka pafupi ndi msika, mpunga ndi kampango wa msuzi wa matimati. Mayi wogulitsa anabwera ndi beseni ndi jagi, anagwada, anatisambitsa m'manja m'modzim'modzi, kenako anathira msuzi wapadera m'kambale ka mwana atauchotsa minga ndi zala zawo. Sanawerengere mbaleyo pamtengo.

Kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay tinakwera Sienta, kagalimoto kamene amene anakapanga anakapangira anthu asanu ndi awiri, koma a kuno anakapezera malo ena amene mwini fakitale sawadziwa. Kanatitsitsa patala, pamene pali chikwangwani cha hotelo, ndipo mtunda wotsalawo tinauyenda wapansi mumchenga, thukuta lili kamukamu.

Pageti la hotelo anazolowera alendo obwera pagalimoto. Wobwera wapansi amakhala wofuna ganyu, wogulitsa ndiwo, kapena wodzalipira kandalama ka pageti kuti asambe masana okha. Mlonda anatiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwabwera kudzaona ndani, bambo?"

"Tabwera kudzagona."

"Ndinu a msonkhano?"

"Ayi, ndife tokha."

Analowa m'kanyumba kake, anaimba foni, ndipo potuluka anali munthu wina. Anatilanda chikwama chija n'kuchisenza paphewa, ine ndinasanduka madamu, bambo ake anasanduka bwana. Sindinamusungire kukhosi. Funso lake la msonkhano linali ndi maziko: mahotelo ambiri a m'mbali mwa nyanjayi amakhalira misonkhano ya boma ndi ya mabungwe, n'chifukwa chake boma likalengeza kuti laletsa misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama, oyamba kulira amakhala a mahotelo. Mmalawi amene wadzilipirira yekha, wabwera ndi mkazi ndi mwana, wopanda alawansi, akadali mlendo wachilendo.

Polandirira alendo mtsikana wovala yunifomu anatipatsa moni m'Chingerezi, ife tinayankha m'Chingerezi, ndipo tinapitiriza choncho, Amalawi atatu kuvutitsana ndi chilankhulo cha eni. Anatipulumutsa ndi mwana. Anasuzumira m'chitenje n'kufunsa kuti, "Amayi, kuno ndi kuchipatala?" Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira tebulo, anatuluka kuseri kwake, ananjuta: "Iwe, wabwera ndi ndani? Ukudziwa kusambira?" Kuyambira pamenepo mpaka tsiku lochoka tinkalankhulana Chichewa. Mtengo wokha ndi umene sunasinthe. Unali wa ife eni dziko, wotsikirapo poyerekeza ndi umene amalipira ochokera kunja, komabe usiku umodzi unkafika pafupi ndi lendi ya mwezi wathunthu ya nyumba imene tinkakhala titangokwatirana. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya pakhoma amailemba pa pepala losavuta kumatula.

Nyanja tinaiona titazungulira kuseri kwa chipinda chodyera. Mwana ndinamutsitsa. Anangoti kakasi, chidole chili m'manja. Mwana wa ku Blantyre madzi amawadziwa a mundowa, amene amakalipiridwa akawataya, ndi a pampopi amene amabwera usiku n'kusowa m'mawa. Atakhala chete kwa kanthawi anafunsa monong'ona: "Wataya madzi ndani?"

Tsiku limenelo anakana kuwakhudza. Funde likamabwera ankathawa akukuwa, likamabwerera ankalithamangitsa akulilalatira, ndipo masewera amenewa anamukwana mpaka dzuwa kupendeka. Ana a alendo anzathu anali kudziwe losambiramo, atavala timatayala topopa m'mikono. Pambali pa dziwelo panali atsikana antchito, atavala zitenje ndi masilipasi, maso ali pa ana, eni ana ali pansi pa maambulera ndi mafoni. Ndinapereka moni kwa m'modzi. Anati ndi wa ku Thyolo, ndipo nyanja ankaiona koyamba iyenso, koma anali asanaiponde chifukwa mwana wa abwana amakonda dziwe.

Pakhoma la bala ya m'mphepete panali mzere wakuda wofika m'chiuno, ndipo patsinde pake matumba a mchenga ong'ambikang'ambika. Mnyamata wotiperekera zakudya anati ndi chizindikiro cha madzi a mu 2024, pamene nyanja inakwera n'kumiza magombe ndi zipinda za mahotelo ambiri a ku Mangochi ndi ku Salima. "Apa tinkadutsa pabwato, madamu. Akuluakulu a m'mudzi muno akuti kale madzi ankafika pamenepa ndithu. Madzi saiwala khwawa."

Za chakudya cha kuhotelo ndinene pang'ono. Chinali chambiri, chokongola, ndipo mwana anachikana chonse kupatula tchipisi. Madzi osamba m'manja ankabwera ukawaitanitsa, apo ayi pambali pa mbale pamakhala mpeni ndi foloko zokutidwa m'kansalu, ndipo ndinaona bambo wina wa msonkhano akulimbana ndi mutu wa chambo ndi zida zimenezi mpaka anayang'ana uku ndi uku n'kuziika pansi. M'mawa wotsatira wophika wina, mayi wachikulire, anatuluka yekha kukhitchini kudzaona mwana amene akubweza mbale. "Ameneyu akufuna phala, musamuvutitse ndi masoseji." Anakaphika la mgaiwa lothira nsinjiro, la pa ufa umene amaphikira nsima ya antchito, ndipo m'mawa uliwonse linkatipeza patebulo tisanapemphe. Pa bilu silinalembedwe.

Chambo chimodzi chokazinga mtengo wake unali wokwana ndiwo za masiku angapo kunyumba. Ndinafunsa mnyamata uja ngati iye, wobadwira pagombe, sanatope nacho. Anaseka. Anati kwawo amadya usipa ndi bonya, chambo ndi cha alendo, ndipo ngakhale chimene chili m'mbalemo nthawi zina chimakhala choweta m'makhola a m'nyanja, monga a Maldeco amene tinawadutsa panjira. Bambo ake a iyeyo ankakoka khoka n'kudzaza bwato, koma masiku ano msodzi akapha zochepa chabe amathamangira nazo kumsewu. Ndi nkhani yodziwika: makoka a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu akhala akusesa ana a nsomba m'malo oswanirana, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Ndinachidyabe, ndipo mutu sindinausiye.

Usiku kutali pamadzi kunayaka nyali, mzere wautali waliwali. Mwana analoza n'kunena kuti uko ndi ku Limbe. Anali asodzi a usipa. Munthu m'modzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato ndi nyali kukopa nsomba, anzake n'kuzizinga ndi khoka la chilimira. Kale nyalizo zinali za palafini, lero ndi mababu a batire.

M'bandakucha uliwonse anyamata awiri ankasesa gombe la hotelo ndi mareki, kuchotsa zinyalala, zigoba ndi mapazi a dzulo, mpaka mchenga kukhala mizeremizere ngati pabwalo pa nyumba yoyembekezera apongozi. Gombe losesedwalo linkathera pa mpanda wa waya ndi bango umene unkalowa m'madzi mapazi angapo. Mwana wa zaka zitatu amadzuka ndi nkhuku ngakhale patchuthi, ndiye m'mawa wina, bambo ake akadali mtulo, ndinamutsatira akuyenda m'mphepete mpaka pampandapo. Anasuzumira pampata. Kuseri kwake kunali phokoso.

Amayi ankatsuka mapoto ndi mchenga, ena ankachapa, thovu la sopo likuyandama. Mabwato anali atangokocheza, ogula atazungulira ndi mabeseni. Pa mathandala panali usipa wa usiku womwewo uli ngwee padzuwa. Ndipo panali ana, gulu lalikulu, ena ovala kabudula, ena osavala kanthu, akudumphira m'madzi kuchokera pabwato lakale lomira theka. Mwana wanga, amene anakana kunyowetsa chala chiyambire, anakweza diresi n'kuzungulira mpandawo m'madzi olekeza m'mawondo ake. Sanacheuke.

Ndinavula masilipasi n'kumutsata. Kuseriko sukanangodutsa, ndinayenera kupereka moni kwa aliyense amene ndinakumana naye maso.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, kaya inu asisi? Ndinu a kuhoteloku?"

"Eya, tachokera ku Blantyre."

"Msonkhano?"

"Ayi, tangobwera kudzaona nyanja."

Anayang'anana. Agogo ena amene ankakwecha poto wakuda bii anaimika dzanja. "Ndiye mwaiona?" Onse anafa nalo phwete, inenso ndinaseka nawo. Agogowo anandisunthira beseni lovundikira kuti ndikhalepo, n'kuloza ndi chibwano ku maambulera a hotelo. Anati ali mtsikana, amuna a m'mudzimo ankayanika makoka pamenepo, pansi pa mtengo waukulu umene tsopano pali bala. Sananene modandaula. Mdzukulu wawo amachapa zofunda kuhoteloko, ndipo malata a panyumba pawo anachokera kumeneko.

Pamene tinkacheza, kamtsikana kena ka zaka mwina zisanu ndi ziwiri kanali katanyamula kale mwana wanga m'chiuno, monga kamanyamulira mng'ono wake. Kanamutsitsa m'madzi pang'onopang'ono katamugwira m'khwapa. Anzake anatambasula chitenje chakale pansi pa madzi, awiri uku awiri uku, n'kuchikweza mwadzidzidzi: tinsomba tating'ono tikuphiriphitha pansalu. Anamuika kamodzi m'manja. Anakuwa, anakataya, n'kupempha kena. Sanafunsane mayina. Ankangomutcha "wa kuhotelo", ndipo iye ankavomera.

Ine mtima sunali m'malo, ndipo chifukwa chake ndi likodzo. Tizilombo take timatuluka ndi mkodzo wa wodwala, timalowa m'nkhono zing'onozing'ono za m'madzi osaya, timaswana m'menemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene waponda m'madzimo. Pamene anthu achuluka pagombe ndi pamene tizilomboti timachuluka. Ofufuza amene anagwira ntchito ku Chembe, ku Cape Maclear, anapezanso kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha makoka, nkhonozo zinaswana kwambiri. Choncho mantha anga sanali a kunyada kwa m'tauni kokha. Koma sindikanathanso kuimirira pamaso pa amayi amene andipatsa pokhala n'kutsomphola mwana wanga m'manja mwa mwana wawo, kunena kuti madzi amene amamwa, kuphikira ndi kusambitsira makanda ndi oipa.

Anandichotsa pa njakatayi ndi mlonda wa pageti uja, amene m'mawa umenewo anali kulondera kugombe. Anaima pampanda.

"Madamu, mwanayo asamapite uko. Abwana akaona atikalipira ife."

"Chifukwa chiyani, achimwene?"

"Amati alendo angadwale, kapena angaberedwe." Anatsitsa mawu. "Koma likodzo ndiye musadzinamize, nkhono sizidziwa waya. Kuno kapena uko, mukabwerera mukamwe mankhwala basi." Kenako analoza kamtsikana kamene kananyamula mwana wanga. "Ameneyo ndi wanga wachiwiri. Asakudetseni nkhawa, amasambira kuposa ine."

Za mankhwalazo ananena zoona. Praziquantel sagwira tizilombo tikadali tating'ono, ndiye munthu amadikira milungu ingapo asanapite kuchipatala, ndipo wa mwana amayeza ndi sikelo.

Masana amenewo, ndili gone pa mpando wautali pansi pa ambulera, ndinaganiza za chimene tinalipira. Sitinalipire nyanja, poti nyanja yomweyo inali kuseri kwa waya kwaulere. Sitinalipire bedi, mayi anga ananena kale. Tinalipira kuti pa chigawo china cha gombe pasakhale anthu: pasakhale wotsuka poto, wogulitsa, wopempha, wokufunsa kwanu. Ndisaname, zimenezi zinandikomera. Mayi wa mwana wamng'ono amene amagwiranso ntchito sadziwa tulo ta masana, ndipo kumudzi, kumene tchuthi chathu chimathera chaka ndi chaka, mkamwini amakhala pamkeka pamene mkazi wake ali kumtondo ndi kuchitsime. Pano palibe anandiitana kuti ndikasonkhe moto. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'choti chinthu chomwe ine ndinachigula modula chonchi, mwana wanga ankachiona kuti ndi malo opanda anzake. M'mawa uliwonse wotsatira ankalunjika kumpanda, ndipo ine ndinkamutsatira. Mlonda ankayang'ana kumbali.

Tsiku lina tinapita ku Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Eni ake amangoti ku Chembe. Msewu wake umapatuka usanafike pa Monkey Bay n'kudutsa m'mapiri a miyala, anyani atakhala m'mbali osatekeseka ndi hutala. Derali lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba. Palibe nyanja ina padziko imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa yathuyi.

Pa boti lopita ku chilumba cha Thumbi ndinavuta. Majekete oyandamitsa analipo, koma onse a akuluakulu, ndipo mwana atavala ankangooneka maso. Ndinakana kukwera. Mwini boti anatuma mnyamata kuloji ina, ndipo patapita nthawi anabwera ndi kajekete kakang'ono kofwifwa. Ulendo wonse ndinagwira lamba wake wakumsana mpaka zala kuchita dzanzi. Titafika pamiyala ya chilumbacho, mwini boti ananyenya buledi m'madzi, ndipo nsomba za mbuna zinabwera piringupiringu, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikumujompha mwana m'zala. Anatiuza kuti azungu amazigula n'kukaziweta m'magalasi m'nyumba zawo, osadya. Pobwerera anaimba likhweru n'kuponya nsomba m'mwamba, nkhwazi inachoka pamtengo n'kuiwakha pamwamba pa madzi. Bambo ake anayamba kufotokoza kuti mbalame imeneyi ndi imene ili pa chizindikiro cha dziko lathu. Mwana anafuna kudziwa ngati nkhwaziyo yathokoza.

Manda a amishonale tinangowadutsa. A Free Church of Scotland, pakati pawo Robert Laws, anamanga pano Livingstonia yoyamba mu 1875, koma malungo anawatha, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Usiku umenewo ndinaunika neti ya mwana ndi tochi ya pafoni, ngodya ndi ngodya.

Chimene chinandigwira mtima ku Chembe si nsomba ayi. Kumeneko maloji ali m'kati mwa mudzi, ndipo gombe ndi limodzi. Mzungu wagona pathawulo akuwerenga buku, pambali pake mayi akuchapa matewera, abakha akudutsa pakati pawo, anyamata akusoka khoka. Si paradaiso: ogulitsa ziboliboli ndi mikanda amamuzinga mlendo mpaka kutopa, ndipo likodzo la kumeneko ndi lotchuka. Ifeyo ankatidutsa, kuthamangira azungu, ndipo m'modzi amene tinamuimitsa tokha anatiuza mtengo wa kabwato kosema, kenako atamva Chichewa chathu anaudula pakati tisananenerere n'komwe. Koma ndinaona kuti n'zotheka mlendo kupuma pagombe eni ake osachotsedwapo. Bambo ake anati kumeneko sindikanagona tulo ta masana tija. Mwina ankanena zoona.

Pobwerera panali ntchito imodzi imene sitinaiwerengere pa bajeti. Munthu sungachoke kunyanja chimanjamanja. Panali aneba amene ankatiyang'anira nyumba, alandilodi, anzawo a kuntchito a bambo ake amene anali atatumiza kale mauthenga pafoni. Usipa wofutsa tinagula kwa agogo a poto aja, amene anadzaza mbale n'kuwonjezera basera la dzanja lathunthu "la mwanayu". Chambo tinagula pamsewu, kwa anyamata amene amaimika nsomba m'mwamba galimoto ikamadutsa.

"Cha lero ichi, bwana, onani maso."

"Maso ndawaona. Mtengowo ndi umene sindikuuona bwino."

Anakanganapo mpaka bambo ake ananyamuka kawiri monamizira kuchoka, ndipo tinagula pa mtengo umene aliyense ananena kuti waluza. M'minibasi ya ku Limbe nsomba zaziwisi sizilowa m'kati. Kondakitala anazimangirira panja, pa galasi loonera kumbuyo ndi pa mawaipa, pamodzi ndi za anthu ena, kuti mphepo izizipemerera. Pa Ulongwe chingwe china chinamasuka, dalaivala anaima, ndipo pomanganso milu inasokonekera. Panabuka mkangano wa kuti nsomba za ndani ndi ziti, mayi wina akulumbira kuti zake zinali zomanga ndi mlaza, bambo wina akuti zake zinali zazikulu kuposa zimene akumupatsa. Mwana anatulutsa mutu pawindo, analoza chambo chachikulu kuposa zonse, chimene sichinali chathu, n'kunena kuti chimenecho ndi cha adadi ake. Mwini wake anaseka n'kuvomera kuti tisinthane, bola tiwonjezere ndalama ya Fanta.